Bwanji osangogula soya n'kugawa? Kufotokozako za ntchito ya mauthenga pa mapulojekiti a kadyedwe ka ana

Sabata yathayi pa gulu lathu la WhatsApp la anthu a kuno ku Zomba wina anaponya chilengezo cha ntchito, bungwe lina likufuna munthu wa communications, woona za mauthenga, pa pulojekiti yolimbikitsa kadyedwe kabwino ka ana. Pasanathe ola gulu lonse linali litatentha. Achimwene ena amvekere, ndiye kuti mwana akunyentchera ku Chingale uko inu mukalembe ntchito munthu woti azijambula zithunzi n'kumaponya pa Facebook? Ena anati malipiro a munthu ameneyo pa chaka angagule matumba angati a soya ndi mtedza, bwanji osangogula n'kugawa basi. Koma analiponso amayi ena, aphunzitsi, omwe anafunsa kuti kodi inu simunaonepo chiponde cha kuchipatala chikugulitsidwa pamsika? Katundu wopanda uthenga amasochera, anatero.

Ine ndinawerenga zonse osayankha kaye, chifukwa mbali zonse zili ndi mfundo, koma ndinaona kuti tikukangana pa mawu omwe aliyense akuwamva mwakemwake. Ndinakhalapo nawo pa ntchito yomasulira ndi kuyesa mauthenga oterewa m'midzi ya cha ku Jali ndi ku Mayaka, nde ndati ndilembe zomwe ndikudziwa, aliyense aweruze yekha.

Vuto lomwe akulimbana nalo

Tikamva zoti mwana akusowa zakudya m'thupi ambirife timaganiza za uja woonda nthiti zili pamtunda, kapena wotupa mapazi ndi masaya tsitsi litafiira. Kumeneko ndi kunyentchera, kumabwera mwachangu, kumaonekera, ndipo kumapha ngati simuthamangira naye kuchipatala. Koma ana otere ndi ochepa tikayerekeza ndi vuto linalo, kupinimbira. Mwana wopinimbira ndi wamfupi kusiyana ndi msinkhu woyenera zaka zake, amasewera bwinobwino, amaseka, ndipo pakhomo palibe amene amadandaula, timangoti watengera anganga ake kufupika.

Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo yemwe amachita a National Statistical Office, omwe likulu lawo lili konkuno ku Zomba, anapeza kuti mu 2010 ana 47 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ndipo pofika 2015-16 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 37. Oonda monyentchera anali pafupifupi 3 pa 100. Kafukufuku yemweyo wa 2015-16 anaonetsanso kuti mwa ana a miyezi 6 mpaka 23, ndi 8 okha pa 100 omwe ankadya moyenera, kutanthauza zakudya zamitundu yokwanira komanso kangapo patsiku monga zimafunikira. Taganizani, 8 okha. Ndipo mwa ana a miyezi 6 mpaka osakwana zaka 5, ana 63 pa 100 anali ndi magazi ochepa.

Nkhani yagona pa nthawi. Thupi ndi ubongo wa mwana zimamangika kwambiri kuyambira pomwe mayi watenga pathupi kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri, awa nde masiku 1000 omwe mumawamva pa wayilesi aja, ndipo dziko lathu linalowa mu mgwirizano wa maiko wa Scaling Up Nutrition mu 2011 womwe umatsindika masiku amenewa. Mlimi aliyense amadziwa kuti feteleza wokulitsa ali ndi nthawi yake, mukadzathira chimanga chitamasula kale phesi silibwereranso kukakula. Mwananso zimakhala ngati choncho, zomwe zaphonyeka m'masiku amenewa n'zovuta kwambiri kuzibweza, ndipo zimadzatulukira kusukulu ndi pa ntchito atakula.

Apa nde pomwe pamabwera za mauthenga. Chikuku chili ndi katemera, mwana wabayidwa nkhani yatha. Kupinimbira kulibe jakisoni, kumapangika kapena kupewedwa pamoto, mu mphika wa phala, katatu kanayi patsiku kwa zaka ziwiri, ndipo amene akugwira mthiko si dokotala ayi, ndi mayi, ndi anganga, pena ndi kamtsikana ka zaka 9 komwe kasiyiridwa mwana amake ali ku ganyu.

Communications imeneyi ndi chani kwenikweni

Mawuwa amanyamula ntchito zingapo zosiyana, n'chifukwa chake timasokonezeka. Yaikulu ndi yomwe m'maofesi amaitchula kuti SBC, kuchidule kwa mawu a Chingerezi, ndipo tanthauzo lake ndi mauthenga othandiza anthu kusintha kachitidwe ka zinthu pakhomo ndi m'mudzi. Iyi imayang'ana kwa makolo, agogo, mafumu, a mpingo ndi a mzikiti. Inayo imayang'ana kumwamba, kwa akhonsolo, aphungu ndi a unduna wa zachuma, kuwakumbutsa kuti aike ndalama ku kadyedwe. Kumeneko nde kumagwira ntchito manambala ngati aja a kafukufuku wa Cost of Hunger, yemwe anawerengetsa kuti mu 2012 dziko lino linataya ndalama zokwana K147 biliyoni, zoposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo khumi a chuma chonse cha chaka chimenecho, chifukwa cha kusowa zakudya m'thupi kwa ana. Yachitatu imayang'ana kunja, kwa omwe apereka ndalama, ndi ija ya malipoti, zithunzi, makanema ndi zikwangwani zokhala ndi zizindikiro za mabungwe.

Achimwene aja pa gulu ankanena yachitatuyi, amayi aphunzitsi aja ankanena yoyamba. Onse ankalondola pa chomwe ankachiona, ndipo nthawi zambiri munthu mmodzi yemweyo amapatsidwa zonse zitatu.

Kudziwa ndi kwina, kuchita ndi kwina

Mukapita pa sikelo iliyonse, kaya ku Matawale kaya ku Domasi, n'kufunsa amayi kuti magulu a zakudya alipo angati, akuyankhani onse pamodzi kuti asanu ndi limodzi, ndipo akutchulirani, zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, mwinanso akuyimbirani nyimbo yake. Kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 akudziwa. Koma manambala akuti oyamwitsa mwakathithi anatsika kuchoka pa 71 pa 100 mu 2010 kufika pa 61 mu 2015-16. Nde vuto si umbuli ayi, ndipo pulojekiti yomwe imayamba ndi maganizo oti anthu akumudzi sadziwa kanthu imakhala yaphonya kale.

N'chifukwa chake ntchito ya mauthenga ikamachitika bwino imayamba ndi kumvetsera, osati kulankhula. Amakhala pansi ndi amayi paokha, abambo paokha, agogo paokha, n'kufunsa kuti chimakulepheretsani ndi chani. Mayankho ake amakhala otere: mwana akamalira usiku apongozi amati mkaka sukumukwana mpatseni phala, ndipo mtsikana wa mwana woyamba sangatsutse akuluakulu. Kukatentha ngati mu Okutobala anthu amati khanda nalo lili ndi ludzu limwe madzi. Dzira lilipo koma ndi la mchere ndi sopo, likagulitsidwa. Nkhuku ndi ya alendo. Matemba akabwera kuchokera ku Kachulu mwana amangopatsidwa msuzi poopa minga. Mayi akatenga pathupi pena mwana akadali kubere amamuletsa kuyamwa tsiku lomwelo poti mkaka waonongeka. Chilichonse mwa izi chimafuna yankho lakelake, ndipo china yankho lake si uthenga n'komwe.

Palinso nkhani ya tsempho, yomwe ine inandikhudza pakhomo penipeni. Mwana wa achemwali anga atayamba kutupa mapazi ndi kumaso, akuluakulu anati mwanayu wasemphedwa, maso onse analoza kwa alamu anga kuti ayenda njira zosayenera, ndipo panatha masabata awiri anthu akukambirana za mlanduwo ndi kufunafuna mankhwala achikuda mwana akunka nafooka. Anachira, tinathokoza Mulungu, koma anachita kugonekedwa kuchipatala. Zizindikiro zomwe timati tsempho zimafanana kwambiri ndi kunyentchera kotupikana. Tsono wopanga uthenga akangobwera n'kunena kuti tsempho kulibe, zimenezo ndi zachikale, agogo amatseka makutu ndipo mwana ndi amene amavutika. Uthenga womwe ndinaona ukulandiridwa unali woti za m'banja mukambirana, koma mwana wotupa ayambe wafika kuchipatala lero lomwe. Ndipo ankawaonetsa kayezedwe kake, kudinikiza chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa kamphindi, mukachotsa pakatsala kadzenje ndiye kuti musagone naye pakhomo.

Mmene uthenga umapangidwira

Akamva zonsezo amasankha zochita zochepa zomwe banja lingathe ndi zomwe lili nazo. Kunena kuti dyetsani ana zakudya zakasinthasintha n'koona koma n'kotakata, mayi sadziwa poyambira. Kunena kuti mawa m'phala la mwana muthiremo supuni ya nsinjiro ndi matemba osinja, ameneyo ndi uthenga woti munthu angauchite.

Chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi cha kulimba kwa phala. Mimba ya mwana wa miyezi 7 ndi yaing'ono, siingalandire zambiri nthawi imodzi, nde mukaidzaza ndi phala lamadzimadzi la ufa woyera mwana amakhuta madzi, amagona, mayi n'kumati wadya. Malangizo ndi oti phala likhale lolimbirako, loti mukapendeketsa supuni lisamayoyoke ngati madzi, ndipo wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu patsiku, kuyambira miyezi 9 katatu kapena kanayi ndi tina totolatola pakati, uku akuyamwabe.

Ndinaona izi pa chionetsero cha kaphikidwe m'mudzi wina kupitirira Jali, pansi pa mtengo wa mango. Aliyense anabwera ndi chomwe anali nacho, wina mgaiwa, wina nsinjiro, wina mfutso wa nkhwani, wina matemba owuma omwe anakazinga pang'ono n'kusinja mu mtondo mpaka kukhala ufa, n'kusefa. Phala litapsa mayi wotsogolera gululo anatapa ndi supuni n'kuitembenuza, phala linakakamira kaye kenako n'kugwa pang'onopang'ono. Anganga ena omwe anakhala pa mkeka chakumbuyo anati iyayi, limenelo limumanga m'mimba mwana, ife tinalera ana asanu ndi atatu ndi phala lomwetsa. Anthu anangoti zii. Mayi uja sanatsutse, anagwada n'kunena kuti anganga, inu nde mwalera ambiri kuposa tonsefe, talawani kaye mutiuze ngati mchere wakwana, kenako mumudyetse ndinu mdzukulu wanuyu tione. Anganga analawa, anamuika mwana pamiyendo, ndipo kamwanako kanatha theka la kapu kakutsegula pakamwa kokha. Amene anayamba kufotokozera ena za kusinja matemba pa mapeto pake anali anganga omwewo. Mayi uja anachita kuphunzitsidwa kuti agogo sumawagonjetsa pagulu, umawapatsa udindo, ndipo kuphunzitsa kumeneko ndi mbali ya ntchito yomwe tikukambayi.

Uthenga usanasindikizidwe umayenera kuyesedwa kaye pa anthu enieniwo. Tinapitapo ndi khadi lojambula mbale ya mwana muli mwendo wa nkhuku, apozi ndi tambula ya mkaka, amayi anangoliyang'ana n'kutibwezera, amvekere izi ndi za mabwana a m'tauni. Linakajambulidwanso muli phala la mgaiwa, papaya, bonongwe ndi usipa. Khadi lina linali ndi bambo akudyetsa mwana mayi ataima poteropo manja ali m'chiuno, abambo anaseka n'kunena kuti ameneyo anamudyetsa khuzumule, palibe angafune kufanana naye. Atasintha kuti mayi aoneke akuchapa pa mjigo bambo akudyetsa mwana pakhonde, abambo omwewo anati izi zimachitika. Kusayesa kumadula kwambiri, chifukwa mumasindikiza makadi masauzande omwe akathera kuyatsira moto.

Ndipo Zomba si mtundu umodzi. Kuli Ayao, Alomwe, Amang'anja, kuli Asilamu ambiri cha ku Malosa, Domasi ndi Songani, nde uthenga wotchula nkhumba kapena mbewa ngati ndiwo za mwana ukhoza kuyenda mudzi wina n'kukhumudwitsa mudzi woyandikana nawo. Madera ena uthenga umamveka bwino mu Chiyao. Kunonso mabanja ambiri ndi achikamwini, mwana amakulira pakati pa anganga ndi azakhali akuchikazi, nde uthenga wolunjika kwa mayi yekha umasiya kunja anthu omwe ali ndi mawu pa mwanayo.

Njira zomwe uthenga umadutsa

Msana wa zonse ndi ma care group. Awa ndi magulu a anthu ongodzipereka, nyumba pafupifupi khumi zimasankha mmodzi woziyimira, oyimirawo amakumana ndi wowaphunzitsa kamodzi kapena kawiri pamwezi, amaphunzira phunziro limodzi, kenako aliyense amakayenda khomo ndi khomo ku nyumba zake zija ndi buku la zithunzi. Ubwino wake ndi woti wolankhulayo ndi mnansi, amadziwa kuti pakhomo pano nkhokwe yatha liti, amaona ngati pa chimbudzi pali mpondagiya wosambira m'manja kapena ayi. Za ukhondozi zimalowamo chifukwa mwana wotsegula m'mimba pafupipafupi olo adye bwino chakudya sichikhala m'thupi.

Pamwamba pawo pali alangizi a zaumoyo omwe amachititsa sikelo, kuyeza kulemera ndi kuzunguliza kalamba ka mitundu itatu pa mkono wa mwana. Kakafika pofiira, kutanthauza kuchepera masentimita 11.5, mwana wanyentchera kwambiri ndipo nde amalandira chiponde. Apa uthenga umafunika zedi, chifukwa chiponde chija ndi mankhwala a mwana mmodzi, muyezo wake amawerengera kulemera kwake, koma pakhomo pali ana ena anayi anjala akuyang'ana, nde mayi amagawa. Sindingamuweruze mayi ameneyo. Koma akapanda kufotokozeredwa bwino, ndiponso pakapanda thandizo lina la ana enawo, wodwalayo sachira msanga.

Wayilesi imafika patali ndi ndalama zochepa, ndipo kuno tili ndi mwayi wa Chanco Community Radio ndi YONECO FM kuphatikiza pa MBC ndi Zodiak. Koma kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja okhala ndi wayilesi anali pafupifupi limodzi mwa atatu, okhala ndi foni pafupifupi theka, ndipo tikudziwa tonse kuti wayilesi ndi foni kawirikawiri zimayenda ndi bambo. N'chifukwa chake amapanga magulu omvera wayilesi pamodzi, pulogalamu ikatha n'kukambirana. Pa foni pali Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo pano chili m'manja mwa unduna wa zaumoyo, mumaimba mwaulere n'kufunsa ngakhale za kadyedwe ka mwana.

Zisudzo nazo kuno ndi kwawo. M'zaka za m'ma 1980 a Travelling Theatre a ku Chancellor College, nthawi ya aphunzitsi ngati Chris Kamlongera ndi David Kerr, ankapita m'midzi ya cha ku Liwonde kukachita masewero a zaumoyo omwe anthu a m'mudzi ankalowererapo okha, ndipo bungwe la CRECCOM la konkuno lakhala likugwiritsa ntchito njira yomweyo. Sewero lotere silimaliza nkhani, limaima pakati, bambo wagulitsa mtedza wonse mwana akudya phala lopanda kanthu, n'kufunsa anthu kuti apa atani? Zomwe anthu sanganene pamsonkhano wa amfumu amazinena poyankha sewero.

Palibe njira imodzi yomwe imakwana payokha. Mayi akamva pa wayilesi, n'kudzamvanso kwa mnansi, kenako shehe kapena abusa n'kutchulako, pamenepo nde amayamba kuona kuti si zachilendo. Koma mawu akuyenera kukhala amodzi. Za kuyamwitsa kwa mayi yemwe ali ndi HIV malangizo anasinthapo m'zaka zapitazi, kale ankauzidwa kusiyitsa msanga, pano malangizo ndi oti amene akumwa ma ARV mwandondomeko ayamwitse mwakathithi miyezi 6 ndipo apitirize kuyamwitsa akuonjezera zakudya zina, koma m'midzi mukadali anthu ogwira uthenga wakale uja. N'chifukwa chake boma kudzera ku nthambi yoona za kadyedwe limafuna kuti mabungwe azigwiritsa ntchito mabuku ofanana, ndipo pa khonsolo pali komiti yoona za kadyedwe yomwe imayenera kudziwa amene akunena chani ndipo kuti.

Za zithunzi zija

Apa ndiime pang'ono chifukwa nkhawa ya achimwene aja ili ndi maziko. Opereka ndalama amafuna kuona komwe zapita, zimenezo n'zomveka, ndipo popanda malipoti ndi nkhani zooneka thandizo limaima. Koma mwana wotupa uja ndi mwana wa munthu, adzakula, ndipo chithunzi chikalowa pa intaneti sichituluka. Ndondomeko yoyenera ndi yoti kholo lifotokozeredwe m'chilankhulo chake komwe chithunzicho chikupita, livomere mosakakamizidwa, ndipo liuzidwe kuti likakana thandizo silichotsedwa. Chomalizachi nde chovuta, chifukwa mayi yemwe wangolandira kumene ufa sangakane kamera ya amene wamupatsa. Ndinaonapo mayi akuuzidwa kuti avule nsalu yabwino yomwe anatchena avale yakutha kuti chithunzi chigwire mtima, ndipo nkhope yake sindiiwala mpaka lero. Wa communications wodziwa ntchito yake ndi amene amaletsa zoterezi.

Timadziwa bwanji kuti zikuthandiza

Kuwerenga mapulogalamu a pa wayilesi, matisheti ndi anthu obwera kumsonkhano n'kosavuta, koma zimangoonetsa kuti ntchito inachitika, osati kuti mu mphika mwasintha. Ofufuza amafunsa kuti dzulo kuyambira m'mawa mwanayu anadya chani, n'kuwerenga magulu a zakudya, komanso amayeza msinkhu. Ngakhale apo pali msampha, chifukwa mayi yemwe waphunzira bwino amadziwa yankho lomwe mukufuna.

Konkuno ku Zomba kunachitika kafukufuku wodziwika pa sukulu za mkombaphala 60, a Save the Children mogwirizana ndi bungwe lofufuza za chakudya la IFPRI ndi Chancellor College, zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Sukulu zina zinalandira mbewu, maphunziro a ulimi ndi maphunziro a kadyedwe ndi kaphikidwe kwa makolo omwe amasinthana kuphika phala pasukulupo, zina ayi. Ana a pasukulu zolandirazo anayamba kudya zamitundumitundu, koma chosangalatsa kwambiri chinali kwa azing'ono awo otsala kunyumba, a miyezi 6 mpaka zaka ziwiri, omwe kupinimbira kunachepa pakati pawo. Tanthauzo lake ndi loti zomwe mayi anaphunzira pophika kusukulu anakazichita pakhomo. Koma onani kuti uthengawo sunayende wokha, unayenda ndi mbewu.

Ku Mangochi nako kunachitika wina wotchedwa Mazira, ana 660, theka lawo ankapatsidwa dzira limodzi tsiku lililonse kwa miyezi 6, ndipo pamapeto msinkhu wawo sunasiyane ndi wa anzawo, ngakhale kuti ku Ecuador njira yomweyo inathandiza kwambiri. Dzira ndi chakudya chabwino ndithu, koma izi zimachenjeza opanga mauthenga kuti asamalonjeze zoti chakudya chimodzi chithetsa kupinimbira, komanso kuti kugawa chakudya kokha nako sikuti nthawi zonse kumabweretsa zomwe timayembekezera.

Pomwe uthenga umathera

Mu Febuluwale, nkhokwe zitauma, mayi akudya kamodzi patsiku ndipo tsiku lonse ali pa ganyu m'munda mwa eni, kumuuza za magulu asanu ndi limodzi n'kumupweteka mtima chabe. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda kuno kummwera, chaka chotsatira ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mafuta ophikira ndi dzira zinakwera kufika poti ambiri anangozisiya. Nyanja ya Chilwa nayo ikaphwa monga inachitira mu 1995 ndi 2018, matemba omwe timadalira aja amasowa. Pamenepa omwe akuti gulani soya akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake mapulojekiti ambiri masiku ano amaphatikiza mauthenga ndi zogwirika, mbewu ya mbatata yofiira mkati ngati Kadyaubwerere ndi Chipika, mbuzi kapena nkhuku zopatsirana, dimba la pakhomo, banki mkhonde, kapena kulumikiza mabanja ku Mtukula Pakhomo.

Akunenanso zoona akamadandaula za ndalama zothera m'misonkhano ya kunyanja, ma alawansi ndi miyambo yokhazikitsa pulojekiti, pomwe wongodzipereka uja akuyenda wapansi nyumba khumi osalandira kanthu. Pa zitenje ndi matisheti pokha ndinganeneko kuti kwa mayi wa care group nsalu ija ndi chizindikiro choti akalowa pakhomo pa eni alandiridwe, ndipo nthawi zambiri ndi zikomo yekhayo yemwe amalandira, koma zikagawidwa kwa a maofesi nkhani imakhala ina.

Mbali inayo nayo ili ndi umboni wake. Kupinimbira kumapezeka ngakhale m'mabanja omwe nkhokwe ili yodzaza, ndipo m'tauni muno muli ana a anthu olandira malipiro omwe akukulira tiyi, zibwente ndi tizakumwa totsekemera ta m'mapaketi. Soya wogawidwa amatha pa miyezi iwiri kapena amagulitsidwa, pomwe luso losinja matemba anganga aja adzaphunzitsa adzukulu ena pulojekiti itatseka kalekale. Ndipo masikito ogawidwa aja tinawaona tokha akusanduka ukonde wophera nsomba ndi mpanda wa nazale.

Nde pa gulu paja ndinayankha kuti tiwerenge kaye ntchito zomwe zalembedwa pa chilengezocho. Ngati zambiri zikukamba za kujambula, kulemba nkhani za kupambana ndi kusamala masamba a pa intaneti, ameneyo ndi wa opereka ndalama. Ngati zikukamba za kufufuza zolepheretsa, kuyesa mauthenga m'midzi, kuphunzitsa ma care group ndi kugwira ntchito ndi mawayilesi a m'dera, ameneyo ndi wa ku mphika wa phala. Achimwene aja anafunsanso kuti nanga pa bajeti yonse gawo la mauthenga ndi lalikulu bwanji poyerekeza ndi la mbewu ndi ziweto, ndipo limenelo ndi funso loyenera kulifunsa pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera lanu bungwelo likabwera kudzadzionetsa, chifukwa lisanayambe ntchito limayenera kudutsa ku khonsolo ndi kwa mafumu. Amayi aphunzitsi aja ati akafunsa kwawo ku Thondwe, ndipo alonjeza kudzatiuza pa gulu zomwe akayankhidwe.